Ukwati wa amuna okhaokha ndi wa akazi okhaokha: mbiri ya lamulo la ku South Africa ndi pamene ife taima

Abale ndi alongo amene mumatsogolera makalasi a kuwerenga ndi kulemba, nkhani ya ulendo uno ndi yolemera pakamwa. Makolo athu sakadaikamba pabwalo pali ana kapena apongozi. Koma wailesi siopa apongozi. Nkhaniyi idalowa kale m'midzi mwathu, pa wailesi, pa foni, ndi pakamwa pa ana athu obwerako ku Joni. Tsono inu mudziwa kuti munthu wamkulu akangophunzira kulemba dzina lake, amayesa kuti mphunzitsi wake adziwa zonse. Tsiku lina mayi wina adzakweza dzanja nadzafunsa kuti: "Aphunzitsi, kodi nzoona kuti boma lidalola mwamuna kukwatira mwamuna mnzake?" Mukadzayankha zakumva, mwasoceretsa kalasi lonse, pakuti mau a mphunzitsi amafika kumjigo dzuwa lisanalowe.

Cifukwa cake talemba mbiri iyi. Pali zinthu zitatu zimene anthu amaziphika mumphika umodzi pamene zili zosiyana. Coyamba ndi ici: kodi boma limamanga anthu otere? Caciwiri: kodi boma limalemba ukwati wao m'buku lake? Cacitatu: kodi mpingo umawadalitsa? Dziko likhoza kuyankha coyamba mwina, caciwiri mwina, ndipo cacitatu si ca boma ai. Tiyeni tiyambire ku South Africa, pakuti mpaka lero ndi dziko lokhalo muno mu Afrika limene lili ndi lamulo lomangitsa maukwati otere, ndiponso ndi kumene abale athu ambiri amapita kukafuna nchito.

Kumene zidayambira

M'nthawi ya tsankho la apartheid, mwamuna wopezeka akugona ndi mwamuna mnzake ankazengedwa mlandu ku South Africa. Mwa anthu amene ankamenyana ndi boma la tsankholo mudali mnyamata wina dzina lake Simon Nkoli. Iye adamangidwa mu 1984, nazengedwa mlandu woukira boma pamodzi ndi anzake m'tauni ya Delmas. Ali m'ndende momwemo adaulula kwa anzakewo kuti iye mtima wake umakonda amuna anzake. Padauka mkangano waukulu, ena nafuna kumpatula. Koma pomaliza adati: munthu uyu wavutika nafe, mwina apacikidwa nafe pamodzi, nanga tidzamkana bwanji ufulu ukadzabwera? Mmodzi wa omangidwawo adali Mosiuoa Lekota. Dzina limeneli mulisunge, tikumana nalonso.

Tsankho litagwa, anthu a ku South Africa adalemba lamulo lalikulu la dziko, limene lidatsirizidwa mu 1996. Popeza adali ataona zowawa za kusankhana, adandandalika zinthu zonse zimene boma siliyenera kusankhira munthu: khungu, mtundu, cipembedzo, cilankhulo, kulumala, kukhala mwamuna kapena mkazi, ndi zina. Pa mndandanda umenewo adalembaponso za amene munthu amakopeka naye, kaya mwamuna kaya mkazi. South Africa ndilo lidali dziko loyamba pa dziko lonse lapansi kulemba cotere m'lamulo lake lalikulu. Ambiri pa nthawiyo sadaganize kuti mau ocepawo adzafika mpaka pa ukwati. Koma cakudza siciimba ng'oma. Mu 1998 bwalo lalikulu loona za lamulolo lidafafaniza mlandu wakale uja. Apo funso loyamba lidayankhidwa: kumanga kudatha. La ukwati lidali lisanafike.

Mlandu wa amai awiri

Mu 2002 amai awiri a ku Pretoria, Marié Fourie ndi Cecelia Bonthuys, amene adakhala pamodzi zaka zambiri, adapita ku bwalo kukapempha kuti boma lilembe ukwati wao. Mwina mufunsa kuti, nanga pepala la boma adalifuniranji, poti ankakhala kale nyumba imodzi? Inu amene mudaonapo mai wamasiye akulandidwa mbale ndi mabulangete ndi abale a mwamuna mudziwa mphamvu ya pepala. Kumene kuli mabanki ndi mapenshoni, pepala la ukwati ndilo limanena wolowa cuma munthu akafa, wolandira ndalama za penshoni, ndi wolankhula ndi dotolo munthu akakomoka.

Bwalo la ku Pretoria lidawakana. Iwo adacita apilo, ndipo mlandu udakwera mpaka ku bwalo lalikulu la ku Johannesburg. Bwalo limeneli adalimanga pa malo a ndende yakale, imene mbali yake ina inkachedwa Number Four, momwe amuna akuda ambirimbiri adatsekeredwa cifukwa cosowa pasi. Magulu a Akristu otsutsa nkhaniyi adaloledwa kulankhula pa mlanduwo, ndipo Kardinala Wilfrid Napier wa ku Durban adapereka umboni wolembedwa wocirikiza kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi.

Cigamulo cidatuluka pa 1 Dezembro 2005. Amene adacilemba ndi woweruza Albie Sachs, munthu amene mbiri yake idalukana ndi ya dziko lathu. Atathawa tsankho kwao, adadzakhala ku Maputo, naphunzitsa malamulo pa Universidade Eduardo Mondlane, nagwiranso nchito mu unduna wa za cilungamo. Pa 7 Abril 1988 akazitape a boma la tsankho adamchera bomba m'galimoto lake mu Maputo momwemo. Adapulumuka, koma dzanja lamanja lidaduka ndipo diso limodzi lidaleka kuona.

Oweruza onse adagwirizana kuti lamulo la ukwati la 1961 lidali kusankha anthu, motsutsana ndi lamulo lalikulu. Koma m'cigamulomo mudalinso mfundo ina imene ambiri amaiiwala. Bwalo lidanena kuti cikhulupiriro ca anthu opembedza nca mtengo wapatali, ndi kuti palibe mbusa kapena wansembe amene angakakamizidwe kumangitsa ukwati wotsutsana ndi ciphunzitso ca mpingo wake. Lidanenanso kuti woweruza wa boma sangatenge malembo a cipembedzo cimodzi kuti aweruzire nao anthu onse a m'dziko, pakuti m'dziko muli zipembedzo zambiri. Pomaliza lidapatsa nyumba ya malamulo caka cimodzi kuti ikonze lamulo. Woweruza mmodzi yekha, mai Kate O'Regan, ndiye adati kudikira caka nkosafunika, zisinthe tsiku lomwelo.

Caka ca phokoso

Caka ca 2006 cidali ca mkangano. Aphungu adayendera zigawo kukamva maganizo a anthu, ndipo m'misonkhano yambiri mau oculuka adali okana. M'mwezi wa Setembro Akristu zikwizikwi adaguba m'mizinda ingapo kukana lamulolo. Bungwe la mafumu lochedwa Contralesa lidati zimenezi nzosemphana ndi mwambo wa makolo. Cipani ca ACDP, cotsogoleredwa ndi mbusa Kenneth Meshoe, cidafuna kuti lamulo lalikulu lisinthidwe, linene poyera kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Ngakhale Jacob Zuma, amene pambuyo pake adadzakhala mtsogoleri wa dziko, adanyoza maukwati otere pa msonkhano wina ku KwaDukuza, koma patapita masiku ocepa adapepesa.

Ku mbali inayo nako kudali madandaulo. Lamulo monga adalilembera poyamba lidapatsa anthuwa mgwirizano wa dzina lina, wosati ukwati weniweni. Iwo adati zimenezi zikukumbutsa masiku a tsankho, pamene padali khomo la azungu ndi khomo la akuda. Conco aphungu adalikonzanso kuti awiriwo azisankha okha, kaya auche ukwati kaya auche mgwirizano.

Pa 14 Novembro 2006 nyumba ya malamulo idavota. Mosiuoa Lekota uja, amene tsopano adali nduna ya za citetezo, adalankhula mocirikiza lamulolo, nakumbutsa anzake kuti pa nkhondo ya ufulu padali anthu a mitundu yonse. Cipani colamula ca ANC cidauza aphungu ake kuti avomere, ndipo ovomera adali 230, okana 41. Waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko, mai Phumzile Mlambo-Ngcuka, adasaina, ndipo lamulo la Civil Union Act lidayamba kugwira nchito pa 30 Novembro 2006, tsiku limodzi nthawi ya bwalo isanathe. Mawa lake, m'tauni ya George, amuna awiri, Vernon Gibbs ndi Tony Halls, adakhala oyamba kulembetsa. South Africa lidakhala dziko lacisanu pa dziko lapansi kutero, potsata Netherlands (2001), Belgium (2003), Spain ndi Canada (2005). Portugal, amene adatilamula zaka zambiri, adadzatsata mu 2010.

Taonani bwino m'mene zidayendera. Lamuloli silidacokere ku mfuu ya anthu ambiri ai. Lidacokera ku lonjezo limene dziko lidalemba lokha mu 1996, bwalo nkulikumbutsa lonjezolo. Ici ncifukwa cake lamulo lidathamanga, mitima ya anthu nkutsalira m'mbuyo.

Lamulo litapita, cidatsala nciani?

Poyamba, ngakhale akalaliki a boma olemba maukwati adaloledwa kukana ngati cikumbumtima cao sicilola. M'maofesi ambiri a kumidzi anthu ankabwezedwa. Cilolezo cimeneci cidacotsedwa mu 2020, koma ca abusa ndi ansembe cilipobe.

Cowawitsa mtima ndi ici: pepala silidaletse mpeni. Pa 28 Abril 2008 mtsikana Eudy Simelane, amene adasewerapo mpira m'timu ya dziko ya amai, Banyana Banyana, adagwiriridwa ndi kubayidwa mpaka kufa kwao ku KwaThema, kum'mawa kwa Johannesburg. Iye ankadziwika poyera kuti amakonda akazi anzake. Amuna awiri adapezeka olakwa mu 2009. Eudy sadali woyamba ndipo sadali wotsiriza. Pamenepa palibe Mkristu, palibe Msilamu, palibe mfumu amene anganene kuti mwambo udatetezedwa. Kudali kupha munthu basi.

Mipingo nayo idagawanika m'kati. Mpingo wa Dutch Reformed, umene amishoni ake adayambitsa nchito ku Mvera ndi ku Nkhoma m'Malawi ndiponso ku Mphatso kuno ku Angónia, udalola abusa ake kumangitsa migwirizano yotere mu 2015, udabweza mau mu 2016, ndipo mu 2019 bwalo la ku Pretoria lidati kubwezako sikudayende m'njira yake. Mu mpingo wa Anglican, Arkibishopu Desmond Tutu adalankhula zaka zambiri motsutsa kusala anthuwa. Koma mwana wake Mpho, amene adali wansembe, atakwatirana ndi mkazi mnzake adayenera kutula cilolezo cake ca unsembe mu 2016, pakuti malamulo a mpingowo sadasinthe. Pa nthawiyo dayosizi ya Niassa idali m'cigawo comweco ca kumwera kwa Afrika. Anglican a Moçambique ndi Angola adakhala cigawo caoca mu 2021.

Kwa Akatolika phokoso lidauka pa 18 Dezembro 2023, pamene ku Roma kudatuluka kalata yochedwa Fiducia supplicans, ndi cilolezo ca Papa Francisco. Kalatayo idati ciphunzitso ca ukwati sicidasinthe, koma wansembe akhoza kupereka dalitso lalifupi, losafanana ndi mwambo wa ukwati, kwa anthu awiri otere akalipempha. Maepiskopi a ku Malawi ndi a ku Zambia adakana sabata lomwelo. Pa 11 Janeiro 2024 Kardinala Fridolin Ambongo wa ku Kinshasa, m'dzina la bungwe la maepiskopi a mu Afrika ndi Madagascar, adalengeza kuti madalitso otere sadzaperekedwa m'mipingo ya kuno, nakumbutsanso kuti anthuwo ayenera kulandiridwa mwaulemu. Mukuona tsono kuti funso lacitatu, la dalitso, limayenda njira yakeyake.

Kutsidya kwa malire, ku Malawi

Abale athu a ku Malawi, amene timamwa nao nyanja imodzi ndi kugulana nao pa msika wa Lizulu, adayenda njira ina. Malamulo amene Angerezi adawasiyira akali kulanga mcitidwewu, mpaka zaka 14 m'ndende. M'mwezi wa Dezembro 2009, Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga adacita cinkhoswe poyera ku Blantyre. Tiwonge adabadwa mwamuna koma ankadziona ndi kuvala ngati mkazi. Adamangidwa patangopita masiku awiri, ndipo pa 20 Maio 2010 adagamulidwa zaka 14 za ukaidi wa kalavula gaga. Pa 29 Maio, pamene mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, adali m'dzikomo, Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawakhululukira, ngakhale adanenetsa kuti zimene adacitazo sagwirizana nazo.

Pa 13 Julho 2023 Akristu a mipingo yosiyanasiyana pamodzi ndi Asilamu adaguba ku Blantyre ndi m'matauni ena kukana maukwati otere. Pa 28 Junho 2024 bwalo loona za lamulo lalikulu lidakana pempho lofuna kucotsa zilango zija. Conco ku Malawi mayankho onse atatu ndi okana. Wophunzira wanu akamva nkhani pa wailesi ya ku Lilongwe, adziwe kuti akumva lamulo la ku Malawi, si lathu ai.

Nanga kuno kwathu?

Buku la zilango limene Apwitikizi adatisiyira lidali la 1886, ndipo adalionjezera mau m'zaka zotsatira. M'ndime 70 ndi 71 mudali cilolezo cotsekera ndi kugwiritsa nchito yakalavula gaga, mpaka zaka zitatu, anthu ozolowera zimene bukulo linkazicha zoipa zotsutsana ndi cilengedwe. Cilandirire ufulu mu 1975 ndimezi zidangogona m'buku, osagwiritsidwa nchito. Mu Janeiro 2014 mtsogoleri wathu wakale Joaquim Chissano adalembera kalata atsogoleri a mu Afrika, kuwapempha kuti asasale munthu cifukwa ca nkhaniyi. M'mwezi wa Dezembro caka comweco Pulezidenti Armando Guebuza adasaina buku latsopano la zilango, lopanda ndime zija, ndipo lidayamba kugwira nchito pa 29 Junho 2015. Kudalibe kuguba, kudalibe phokoso. Ambiri a ife tidali kumunda osadziwa kuti kanthu kasintha.

Koma kucotsa cilango si kulola ukwati. Lamulo lathu la banja, Lei da Família, la 2004, limanena kuti ukwati ndi mgwirizano wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, olowamo mwa kufuna kwao. Limazindikira njira zitatu zomangira ukwati: ku ofesi ya Registo Civil, ku cipembedzo, ndi pa mwambo wa makolo, malinga ukalembetsedwa. Lamuloli adalikonzanso mu 2019, nacotsa mpata wokwatitsa ana a zaka 16, koma tanthauzo la ukwati adalisiya momwemo. Bungwe la Lambda, loimira anthu amenewa, lidayamba mu 2006, ndipo pempho lake lakuti boma lililembe m'kaundula lidakhala zaka zambiri osayankhidwa.

Palinso ciwerengero cina coyenera kucidziwa. Mu 2014 ndi 2015 bungwe la Afrobarometer lidafunsa anthu a m'maiko 33 a mu Afrika ngati angalole kukhala moyandikana ndi munthu wotere. Ku South Africa 67 mwa anthu 100 alionse adati angakonde kapena alibe nazo kanthu. Ku Moçambique adali 56, ndipo ku Malawi sadafike ndi 10 omwe. Funsolo silidali la ukwati ai, lidali la kukhala pa mudzi umodzi. Mwina zaka 16 za nkhondo zidatiphunzitsa kuti kusaka mnansi kumathera ku manda.

Tsono yankho la mayi uja ndi ili: ku Moçambique boma silimanga anthu otere, koma sililembanso ukwati wao, ndipo mipingo yathu imamangitsa ukwati wa mwamuna ndi mkazi monga kale. Ku South Africa boma limalemba, koma silikakamiza mpingo. Ku Malawi lamulo likali kulanga.

Mau kwa inu atsogoleri

Kwa ife ukwati sudakhalepo nkhani ya anthu awiri okha. Pamakhala ankhoswe a kucimuna ndi a kucikazi, pamakhala malume, pamakhala funso la cikamwini kapena citengwa, ndi la ana amene adzalowa dzina ndi munda. Ncifukwa cake anthu athu akamva nkhaniyi amadzidzimuka, ndipo kudzidzimuka kwaoko musakuseke. Mpingo nao uli ndi ciphunzitso cake, ndipo kalasi la kuwerenga silidaikidwe kuti licisinthe.

Koma kumbukirani kuti simudziwa zonse za anthu okhala pa mabenchi anu. Mwina gogo amene akuvutika kulemba cilembo "g" ali ndi mdzukulu ku Joni amene adaleka kubwera kumudzi, ndipo cifukwa cake acidziwa yekha. Nthabwala imene idzaseketsa kalasi idzakhala minga mumtima mwake, ndipo sabata lamawa malo ake adzakhala opanda munthu. Kuona maso a nkhono nkudekha. Nenani zimene lamulo likunena, dziko ndi dziko, caka ndi caka. Za ciphunzitso atumizeni kwa abusa, kwa ansembe kapena kwa makatekista. Ndipo wina akayamba kuchula maina a anthu a m'mudzi, mletseni pomwepo, pakuti mphekesera yotere idathamangitsapo anthu pa mudzi, ndipo ku KwaThema idathera pa maliro.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Chulani njira zitatu zomangira ukwati zimene lamulo la banja la dziko lathu limazindikira. Mwa inu, ndani adalembetsa ukwati wake? Pepala limeneli limathandiza ciani mwamuna kapena mkazi akamwalira?

2. Kodi kusalanga munthu ndi kuvomereza zocita zake ncinthu cimodzi? Perekani zitsanzo zina za m'mudzi mwanu.

3. Cidacitika nciani m'zaka izi: 1996, 2006, 2010, 2015? Lembani cakaco pa bolodi, wophunzira anene dziko lake.

4. Mukamva nkhani pa wailesi kapena pa foni, mungadziwe bwanji kuti ikunena za dziko liti, ndi kuti ndi yoona?